Kachitsulo m'Sokosi ya Tayi

Nyumba imene anakulira Tayi ndimaidziwa bwino, n'chifukwa chake nkhani yakeyi imandipsetsa mtima mpaka lero. Bambo ake ndi telala, mayi ake amaphunzitsa kusukulu ya mkaka. Pakhomo pawo munthu sadya asanapemphere, ndipo kansalu kakatsala pa diresi la kasitomala kamabwerera kwa mwini wake. Mwanayo anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi mnzathu pa yunivesite, m'dipatimenti ya zamalonda a pakati pa mayiko. Dzina loti Tayi anamupatsa ndi ophunzira, poti kaya kutenthe bwanji, tayi sinkachoka pakhosi.

Chaka china yunivesite inatisankha aphunzitsi angapo kuti tipite kunja tikaone mmene anzathu amayendetsera makampani, madoko ndi mafakitale. Chachikulu pa ulendowo chinali fakitale ina yopanga mapampu a madzi oyendera dzuwa. Eni ake anali atatsala pang'ono kuvomera kuti chaka ndi chaka azilandira ophunzira athu kukaphunzira ntchito. Ana ambiri anaika mtima pamenepo, ena a m'kalasi mwa Tayi yemweyo.

Tsiku lonyamuka ndinadzera kwawo kukamutenga. Bambo ake anali akusita jekete imene anamusokera.

"Mwana wanga, kumeneko ukupita ndi maso ndi makutu," anatero. "Manja asakhudze za eni."

"Bambo, ine ndimaphunzitsa malamulo a malonda. Zimenezo muziuza ana."

Mayi ake anamuyang'ana n'kunena kuti, "Ana ndiye amamva."

M'gulu lathu munali mkulu wina amene tinkawatcha a Masutikesi. Ulendo wakunja sunkawaphonya, koma palibe wophunzira amene anamvapo chatsopano kuchokera kwa iwo. Ankabwerako ndi mafoni, nsapato ndi mafuta onunkhira zogulitsa m'maofesi. Titangofika anamukoleka Tayi dzanja paphewa.

"Iwe mphwanga, ukufuna kuuma msana pampando kumvera nkhani za makontena? Malonda enieni a pakati pa mayiko ali kumsika. Tiye."

Tayi anapita nawodi. Kudoko sanaoneke. Tsiku lina anatulukira masana akununkha mowa, n'kugona m'basi kukamwa kuli yasa pamene wotitsogolera ankalankhula. Ndinamukokera pambali.

"Achimwene, kuno tachita kutumidwa. Mukutichititsa manyazi."

"Achemwali, mayi anga ndawasiya kunyumba. Sindikufuna ena."

Kufakitale kuja anatiuza malamulo pachipata: mafoni asiyidwe m'makabati, aliyense avale khoti loyera, ndipo osatola kanthu, ngakhale kooneka kotayidwa. Potilemekeza anatilowetsa mpaka m'chipinda chimene alendo salowamo, mmene ankayesa pampu yatsopano isanafike pamsika. Patebulo panali tizitsulo tating'ono ngati zotsekera mabotolo, timene anati ndito chinsinsi cha pampuyo. Ndinali chakumbuyo, ndipo ndinamva a Masutikesi akumunong'oneza Tayi.

"Kamodzi kokha, mphwanga. Ndili ndi munthu kwathu amene angapange tofanana. Ukagula galimoto iwe. Ali nato tambirimbiri, adziwa bwanji?"

Ndinawatuzulira maso, iwo n'kuseka ngati ndi nthabwala. Tikutuluka m'chipindamo, Tayi anatsalira n'kuwerama ngati akumanga chingwe cha nsapato.

Pachipata panali makina ofufuza zitsulo. Tonse tinadutsa bwinobwino, koma pa iye analira. Mlonda anamuuza kuti avule nsapato, kenako sokosi. Kachitsulo kanagwa n'kugubuduka mpaka pamapazi a mkulu wa fakitale.

Tayi anacheukira a Masutikesi. Iwo anagwira pakamwa n'kupukusa mutu.

"Ana a masiku ano," anatero. "Ine ndakhala ndikumulangiza mnyamatayu."

Mkulu wa fakitale sanakweze mawu. Anafunsa mtsogoleri wa gulu lathu kuti, "Ameneyu amaphunzitsa chiyani?"

"Malamulo ndi chilungamo pa malonda," anayankha atazolika.

"Ndiye ophunzira ake ndi amene mukufuna kuti tiziwalowetsa muno?"

Apolisi sanawaitane. Anangotiperekeza kubasi, mgwirizano uja n'kufera pomwepo.

Titabwerera, yunivesite inamuchotsa ntchito. Ndinakanena kwa akuluakulu a yunivesite zimene ndinamva, koma a Masutikesi anakanitsitsa, ndipo sokosi sinali yawo. Alipobe, akupukuta masutikesi awo kudikira ulendo wina.

Tsiku limene Tayi ankatulutsa mabuku ake mu katoni, pakhonde anakumana ndi mtsikana wa m'kalasi mwake, mmodzi wa amene anasankhidwa kuti adzayambe kupita kufakitale kuja. Mtsikanayo sanamupatse moni.

"Aphunzitsi, mayi anga anagulitsa makina awo osokera kuti ndipeze pasipoti. Tandiuzani chokawauza, poti inu mumadziwa kufotokoza."

Tayi anangoyang'ana mabuku a mu katoni muja. Mtsikanayo anadikira, kenako anamulambalala n'kumapita.

Achinyamata inu, ndimvereni. Kuba ndi tchimo, kaya mwaba muli ndi madigiri, kaya chinthucho n'chochepa motani, ndipo amene amalira nako ndi anthu osalakwa. Mukanyoza mawu a makolo n'kumvera onong'ona, dziwani kuti pachipata mudzavula sokosi nokha.