Dzina la Mmunsi pa Pauta

M'mawa wa tsikulo Natanael ndi mng'ono wake Pita anakwezana pa njinga imodzi monga mwa masiku onse. Pita ndiye ankapalasa, uku akudandaula kuti mkulu wake akulemera ngati thumba la kachewere chonsecho sadya kanthu. Anaseka onse awiri. Nkhungu inali isanachoke m'madimba. Ankapita kukaona pauta, pepala la manota, kapena kuti malikisi, limene limamatidwa kuseri kwa galasi pakhonde la sukulu yawo ya ukachenjede ku Ulongwe.

Anali ana a mlimi wosauka wa ku Lifidzi. Anayamba maphunziro a zaulimi chaka chimodzi, chifukwa Natanael anayamba wakhala zaka ziwiri kumunda kuti onse apeze poyambira. Ankaphunzira ndi bolsa, thandizo la ana osowa, ndipo lamulo lake linali losapindika: munthu akolole makredito 60 pa chaka, osaperewera ngakhale imodzi. Phunziro lililonse, limene iwo amati kadeira, linali ndi makredito ake, ndipo silinkadalira mayeso akumapeto okha. Ankaphatikiza teste yoyamba, teste yachiwiri ndi ntchito ya pagulu. Wofika pa 14 mwa 20 ankakhululukidwa mayeso. Wosafika pa 10 sankaloledwa n'kulemba komwe.

Pa dzina la Natanael, m'kadeira ya za nthaka, panali 8.

Chimene chinachitika anachidziwa pomwepo. Bambo awo atadwala mwadzidzidzi, iye anauza Pita kuti akalembe teste yachiwiri, yekha n'kutsala kuchipatala. Bambowo anamwalira mawa lake. Lamulo linkati wojomba apereke kalata yofotokoza pasanathe masiku awiri. Nelson, mtsogoleri wa kalasi yawo, anabwera kumaliro pa njinga yamoto, analandira kalatayo ndi manja awiri, nalonjeza kukaisiya ku sekretariya, ofesi ya sukuluyo. Sanakaisiye. Manota a Natanael ankaposa ake, ndipo malo okaphunzira ntchito ku kampani ya mbewu anali amodzi okha.

Atamufunsa pakhondepo, Nelson anati kalatayo inachapidwa m'thumba la jekete. Kenaka anatembenukira anzake nati: "Komanso khasu silikana mwini wake. Silifuna nota."

Bolsa inatha. Amayi awo anagulitsa ngolo ya malemu kuti Natanael asasiye sukulu. Tsiku lililonse iye ankaona malole a bambo ake a Nelson akutsika ndi kachewere kupita ku Tete. Pita ankamuuza kuti kadeirayo aibwereza chaka chamawa, si imfa ayi. Natanael ankangogwedeza mutu.

Tsiku lina la msika anakwera shapa, minibasi ya kumeneko, kupita ku Domwe. Anthu ankanong'onezana za a Mateus, amene kale anali kalaliki wa sukulu ina ndipo tsopano ankakhala kuseri kwa chigayo. Anawapeza masana, atavala malaya ositidwa, cholembera chili m'thumba. M'nyumbamo munalibe nsupa kapena michira. Munali tebulo ndi mipando iwiri.

"Khalani, a dotolo," anatero a Mateus, monga amaitanira anthu ophunzira kumeneko. "Mukufuna nota kapena chuma?"

"Ndikufuna zonse zimene Nelson ali nazo. Ndipo iye aziona ndili nazo."

A Mateus anamufunsa mmene maina amalembedwera pa pauta. Natanael anayankha kuti amatsata zilembo za dzina loyamba, monga m'masukulu onse a kumeneko, ndipo mmunsi mwa dzina lake munali la Nelson. Mkuluyo anamwetulira pang'ono, natulutsa kabotolo ka mafuta akuda m'dirowa. Anati pauta iliyonse ikatuluka, ngakhale ya kateste kakang'ono, Natanael aziviika chala, kuchiika pagalasi pa dzina lake, n'kuchikokera pa dzina la mmunsi. Za mwini dzinalo zizikwera kubwera kwa iye. Ziyamba nzeru, kenaka mwayi, kenaka zotsalazo.

"Zotsalazo ndi ziti?"

"Munthu amakhala ndi zingati, a dotolo?"

Natanael anafunsa za malipiro. A Mateus anati safuna nkhuku kapena mbuzi. Mankhwala awo amayenda ngati sukulu yakeyo: salipiritsa tsiku limodzi kumapeto, amatenga pang'onopang'ono chaka chonse. Amene wayamba sasiya mpaka atakwanitsa makredito onse 240 a digiri yake. Akajomba pauta imodzi, mafutawo adzadya kwa iye.

"Ndipo kumbukirani," anatero pomutsegulira chitseko, "mafutawa sadziwa kuwerenga. Amangodziwa kutsika."

Pauta yoyamba itatuluka, Natanael anaima m'chigulu cha anzake ngati akufufuza dzina lake ndi chala. Palibe amene anaona kanthu. Pa teste yotsatira anapeza 17, Nelson 9. Kenaka 18 ndi 6. Aphunzitsi anayamba kudandaula kuti Nelson amakhala maola awiri akuyang'ana pepala, n'kulibweza atangolembapo dzina.

Mwayi nawo unasamuka. Amalonda a ku Tete ndi ku Beira, amene kwa zaka zambiri ankagula kwa bambo ake a Nelson, anayamba kufunsa njira ya ku Lifidzi. Kachewere wa m'munda mwa Natanael sankagwidwa ndi chiwawu pamene minda yoyandikana ikupserera. Anayamba kugula kwa alimi ena n'kumagulitsa yekha. Chaka chachiwiri chisanathe anali ndi lole, ndipo lole yake yoyambayo anaigula kwa bambo ake a Nelson, amene zawo zinali zikutha. Anaisiya ndi utoto wake womwewo kuti anthu aziizindikira. Amayi ake anawamangira nyumba ya njerwa, koma iwo anapitiriza kugona m'nyumba yakale, akuti yatsopanoyo imazizira.

Nelson analephera makadeira onse kawiri motsatizana, ndipo sukulu inamuchotsa monga mwa lamulo. Anayamba kukhala pamalo okwerera shapa, akulemba manambala pafumbi ndi kamtengo. Tsiku lina Natanael anaimitsa lole pomwepo, anatsitsa galasi, namupatsa envulopu yopanda kanthu.

"Ukandisiyire ku sekretariya," anatero.

Nelson anailandira ndi manja awiri. Natanael anadikira kuti mtima wake ukhute, koma sunakhute.

Pita anali pampando wa pambali. Potsika kwawo anati: "Achimwene, bambo akanakhalapo, akanatsika n'kumugulira buledi."

Chaka chachitatu chitayamba, pauta ya teste yoyamba inamatidwa Lachisanu. Natanael anafika ndi chala chonyowa kale. Dzina la Nelson panalibe. Mmunsi mwa dzina lake munali la Pita.

Anapukutira chalacho pa buluku, napita ku Domwe tsiku lomwelo. A Mateus anamumvetsera mpaka kumapeto, nafunsa kuti makredito amutsalira angati. Atamva kuti 120, anati ndiye kuti ali pakati pa mtsinje, kubwerera ndi kupitiriza kutalika kwake n'kumodzi.

"Koma ndi mng'ono wanga."

"Ine sindinatchule dzina la munthu, a dotolo. Munalitchula ndinu."

Natanael anayesa njira zonse. Anapempha Pita kuti asamukire ku kalasi ya madzulo, iye alipira zonse. Pita anakana, nati bolsa yake anaipeza ndi mutu wake ndipo amaliza nayo. Anafunsa ku sekretariya ngati pauta ingalembedwe motsata manambala a ophunzira. Mayi wa kumeneko, a Genoveva, anaseka nati makina a kompyuta ndiwo amasanja, iwo amangomata. Anafunafuna wophunzira wobwereza amene dzina lake likanagwa pakati pawo, koma sanapezeke.

Pauta ya Lachisanu ija anaisiya osaikhudza. Lolemba lole inagubuduzika potsika phiri, katundu yense n'kumwazika. Lachitatu anaima patsogolo pa kalasi kuti afotokoze ntchito ya pagulu, ndipo anaiwala dzina la nyemba. Anzake anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Iye anakumbukira Nelson ndi kamtengo kake.

Pauta ija inali ikadali pagalasi. Anadziuza kuti ndi teste imodzi yokha, ndipo Pita ndi wanzeru, adzakweza nota pa yachiwiri. Anakokera chala.

Pa yachiwiri anadziuzanso chimodzimodzi.

Pita sanadandaule. Anangowonjezera maola owerenga, namalemba zinthu padzanja kuti asaiwale. Anataya bolsa, ndipo Natanael anamulipirira, motero dzina lake linakhalabe pa pauta, malo omwewo. Natanael ankadziwa kuti akangosiya kulipira, mng'ono wake achoka pamndandandawo n'kupulumuka. Koma mmunsi mwa Pita munalibe dzina lina, pakuti ndiye anali womaliza m'kalasi yawo yaing'onoyo, ndipo Natanael ankaopa chimene mafutawo angachite akasowa potsikira. Anapitiriza kulipira. Anthu ankamutama kuti ndi mkulu wosamala m'bale wake.

Chaka chachinayi Pita anaonda mpaka malaya ankamulendewera. Kuchipatala sanapeze matenda. Tsiku lina masana, atagona pamphasa m'nyumba yakale ija, anaitana mkulu wake namufunsa kuti njinga yawo ija ili kuti. Natanael anati ilipo.

"Mawa mupalase ndinu, achimwene. Ine miyendo yatopa."

Pita anamwalira sabata imene pauta za makadeira omaliza zinatuluka. Kumaliro amayi awo sanalole Natanael kugula bokosi. Analikhoma ndi amalume, ndi matabwa a chitseko cha khola.

Natanael anatsala ndi makredito a monografia, kafukufuku amene wophunzira amateteza yekha pamaso pa aphunzitsi atatu. Anateteza bwino, napatsidwa 19. Madzulo ake a Genoveva anamata pauta yake. Popeza aliyense amateteza tsiku lake, pepalalo linali ndi dzina limodzi lokha, ndipo mmunsi mwake munali poyera.

Amene analipo amati Natanael anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka anaika chala pa dzina lake n'kuchikokera pansi, pang'onopang'ono, mpaka pepala linatha, galasi linatha, chala chinatsika pakhoma kufika pasimenti. Anakhala pansi pomwepo. Atamufunsa dzina lake, anangowayang'ana.

Malole ake aja anawagulitsa ndi madalaivala ake omwe, ndalama n'kudya okha. Nyumba ya njerwa ija amasungiramo mbewu anthu ena. Kuseri kwa chigayo ku Domwe kumakhala banja lina, limene silidziwa za a Mateus. Natanael amakhala pamalo okwerera shapa ku Ulongwe, pafupi ndi Nelson, ndipo nthawi zina amagawana chinangwa.

Natanael analakwiridwa, ndipo zimenezo palibe angazikane. Koma kadeira imodzi akanaibwereza chaka chimodzi. Chuma chotengedwa kwa mnzako sichifunsa kuti wotsatira ndani, ndipo wofuna kukhuta ndi kubwezera amayamba ndi mdani, n'kumalizira m'nyumba mwa amayi ake.

Galasi la pakhondepo analisintha kawiri. Kamzere ka mafuta kamaonekabe pamalo omwewo, ndipo kali mkati mwa galasi, mbali ya pepala.