Mkwati wa M'chithunzi

"Iwe! Ukujambula ndani?"

Mawu a Otilia anamveka depoti yonse ya pa Chikwawa. Makondakitala anasiya kuitanira. Mnyamata amene analozetsa foni kumene Otilia anaima anatsitsa dzanja msangamsanga.

"Pepani achemwali, si inu ayi. Ndikujambula mbuzi zili pamwamba pa minibasizo."

"Bweretsa ndione!"

Anamulanda foni. Zinalidi mbuzi, zomangidwa pakati pa matumba a makala. Iye munalibemo.

"Ndiye mbuzi za eni ake ukazitani?"

Mnyamatayo anati dzina lake ndi Maliko, kapitawo wa odula nzimbe ku esiteti. Anafotokoza kuti pa intaneti pali nkhokwe ya zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo imene anthu a m'mayiko onse amaidzaza mongodzipereka, popanda malipiro. Chimene chalowa m'menemo aliyense angachitenge mwaulere, bola atchule amene anajambula.

"Talembani kuti Chikwawa apa, muone zimene zituluke."

Otilia analemba. Panatuluka madzi osefukira. Matenti. Ana atagwira mbale pamzere. Kenako madzi osefukira ena.

"Basi? Ife kuno timangomira chaka chonse? Sitilima? Sitivala? Sitikwatira?"

"Anajambula ndi alendo," anatero Maliko. "Eni akefe sitinaikemo kanthu."

Otilia, telala wa pakhonde la sitolo ina pa boma, anaphonya minibasi yake tsiku limenelo. Analowa m'kagulu ka Maliko chifukwa cha mkwiyo. Chikondi chinabwera pambuyo, osagogoda.

Kaguluko kankakumana Loweruka pansi pa mtengo wa nimu, kuseri kwa msika. Anali anthu ochepa, ankasonkherana bandulo ndi kudikira netiweki ngati mvula. Anajambula minda ya thonje, ng'ombe zikuwoloka msewu, asodzi akuwamba milamba, atsikana akuvina utse. Pang'onopang'ono chigwa chinayamba kuoneka m'nkhokwemo monga mmene eni ake amachidziwira.

Tsiku lina Maliko anamutengera ku dambo la Elephant Marsh kukajambula amayi okumba nyika, mizu yodyedwa ya maluwa a m'madzi. Ali m'bwato, anaika foni pambali n'kumuyang'ana.

"Oti, mbalame zonse za m'dambo muno ndazijambula. Palibe yofika pa iwe."

"Usandiyerekeze ndi akakowa, iwe."

"Ndiye ndikutche ndani? Shuga wanga?"

"Shuga umamuona tsiku lililonse kuntchito. Wamutopa kale."

Maliko anaseka mpaka bwato linapendekeka, wopalasa n'kuwakalipira onse awiri.

Mameseji anayamba kugwa ngati masawu. "Shuga wanga, wadzuka bwanji? Kuno nzimbe zonse zikuwawa chifukwa sindinakuone." Otilia ankayankha kuti, "Bodza. Gwira ntchito." Koma mesejiyo ankaiwerenganso makina osokera akangoima.

Ndiye linabwera lonjezo.

"Nyengo yodula nzimbe ikangotha, amalume anga abwera kwanu kudzafunsira. Ndalumbira, Oti. Mkazi wina ine ndilibe, ndipo sindidzakhala naye."

Otilia sanali mtsikana wotengeka ndi mawu. Anali ataonapo anzake akulira chifukwa cha anyamata a pakamwa pozuna. Koma uyu anamukhulupirira. Anakwera basi mpaka ku Nsanje kukauza amalume ake, a Sebastiano, kuti ayembekezere alendo. Nkhani inamveka mudzi wonse. Azakhali anayamba kumutcha mkwatibwi.

Kudula nzimbe kutafika pachimake, Maliko anasiya kubwera kumisonkhano. Ankati ntchito yachuluka. Gulu linapitirira kukula iye kulibe, ndipo anzake anasankha Otilia kuti aziona zithunzi zonse zatsopano za m'chigwa, kuziika m'magulu ake ndi kulemba mawu ofotokoza m'Chichewa ndi m'Chisena. Ankaphunzitsanso olowa kumene. Mmodzi mwa iwo anali mayi Fyness, mlangizi wa zaumoyo wa ku Katunga, amene Maliko sanakumane nawo n'kamodzi komwe.

Mwezi umenewo gulu linagwirizana zojambula miyambo ya ukwati.

Sabata yomweyo Maliko anatulukira pakhonde ndi chitenje chatsopano chobiriwira.

"Mtima wanga, akunditumiza ku Blantyre Loweruka, kumaphunziro a makapitawo. Undisokere malaya oti mabwana aziti akandiona, adziwe kuti kumbuyo kwanga kuli mkazi."

Otilia anaimitsa ntchito za makasitomala. Anamuyeza mapewa, anasoka kolala yoima, mabatani anachita kusankha yekha. Loweruka m'mawa meseji inalowa: "Ndakwera kale chitunda cha Thabwa, duwa langa. Malaya akundikhala ngati ndinabadwa nawo. Ndikusowa kale."

Lolemba, makasitomala asanayambe kufika, Otilia anatsegula foni kuti aone zithunzi zatsopano. Mayi Fyness anali ataika zambiri. Chinkhoswe cha ku Katunga.

Anamwetulira. Mayiwa anaphunzira msanga! Ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti. Khasu ndi nkhwangwa pamphasa. Atsikana atafundidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi, akudikira kuti mwamuna azindikire wake.

Anapita pa chithunzi chotsatira.

Anayamba kuona kolala. Kolala yoima, yobiriwira. Kenako mabatani.

Maliko anali atagwira nsonga ya chitenje, akuvundukula nkhope ya mtsikana wina, mano onse ali pamtunda. Kusekerera komwe kuja kwa m'bwato!

Otilia anachikuza chithunzicho. Ku Blantyre kwake n'kumeneku? Maphunziro a makapitawo ndi amenewa? Ndiye iye anakana ntchito za anthu kuti asokere mwamuna wake malaya okafunsira mkazi wina?

Anaimbira mayi Fyness.

"Mayi, zithunzi ndaziona. Anthuwa munawapempha?"

"Eee, achemwali, monga munatiphunzitsira! Ankhoswe anavomera. Mtsikanayo, Clotilda, anasangalala kwambiri, akuti abale ake a ku Mozambique aziona. Ndinawauza kuti zikalowa pa intaneti, aliyense angazitenge."

"Nanga mwamunayo?"

"Ameneyo ndinangoyamba kufotokoza, iye n'kuti, 'Jambulani amayi, jambulani,' osandiyang'ana n'komwe. Anali ndi chimwemwe, mwana wa eni. Akuti akhala pachibwenzi chiyambire chaka chatha. Kodi pali cholakwika?"

"Palibe. Mwajambula bwino kwambiri. Takhuta," anathokoza m'Chisena.

Anadula foni. Chiyambire chaka chatha! Ndiye kuti tsiku la mbuzi lija Clotilda analipo kale.

Sanalire. Anaponda makina mwaukali mpaka singano inathyoka.

Maliko anafika masana, atavala malaya omwewo, atanyamula kajumbo ka maapozi.

"Shuga wanga! Ndakugulira ku Limbe."

"Ku Blantyre kunali bwanji?"

"Kozizira! Ndimangoganiza za iwe."

"Anakuphunzitsani chiyani?"

"Aaa, zambiri. Kayendetsedwe ka anthu, chitetezo..."

"Nanga kuvundukula zitenje anakuphunzitsaninso komweko?"

Anamutembenuzira foni. Kajumbo kanagwa, maapozi n'kugubuduzikira mu ngalande.

"Wazi... wazitenga kuti zimenezi?"

"M'nkhokwe yako yomwe. Iwe amene unkatilalikira kuti munthu azimva kaye asanavomere kujambulidwa! 'Jambulani amayi, jambulani.' Wajambulidwa tsopano!"

"Oti, tsitsa mawu, anthu akumva."

"Amve! Atsala ndani? Dziko lonse likuona!"

Amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu anali atasiya kale kuitanira. Mwini sitolo anatuluka n'kutsamira chitseko.

Maliko anagwada pafupi ndi makina. "Ndi zamakolo zimenezi, mtima wanga. Anandikakamiza. Amene ndimamukonda ndi iwe, Mulungu akudziwa."

"Munthu wokakamizidwa amaseka chonchi? Taona mano!"

"Ndipatse nthawi, ndikonza. Koma chonde chotsa chithunzichi. Iwe anzathu amakumvera, ukapempha achichotsa. Amalume ako asachione, Oti. Akachiona zathu zatha. Tingowauza kuti tasuntha tsiku."

Apa m'pamene Otilia anaimirira.

"Zathu? Ukufuna ndibise chinkhoswe chako ndi manja anga, kuti amalume azidikirabe alendo amene sadzabwera? Ndikhale wachiwiri wako wa pa boma, wokusokera malaya? Suti ya ukwati ubweretsanso kuno?"

"Si choncho..."

"Ndipemphe kuti achotse pa chifukwa chanji? Wojambula anapereka mwaulere. Eni mwambo anavomera. Chithunzi n'chabwino, mwambo ukuoneka bwino. Choipa m'menemo ndi iwe wekha, ndipo pa chifukwa chimenecho sachotsa zithunzi."

"Oti, ndikukupempha."

"Ndipo wachedwa. Amalume ndawatumizira kale m'mawa. Ndatchulanso amene anajambula, monga mwa lamulo."

Maliko anagwira kumutu. "Wandipha."

"Wadzipha wekha, utavala malaya anga. Vula!"

"Chiyani?"

"Chitenje n'chako, koma ulusi ndi wanga, mabatani ndi anga, ntchito ndi yanga. Vula, ndisomole, utenge nsanza zako!"

Anali atagwira sizasi. Maliko anayang'ana sizasiyo, anayang'ana khamu limene linali litasonkhana, ndipo anamasula mabatani mmodzimmodzi. Anapita kudepoti atavala vesiti, amayi a tomato akumuimbira nthungululu.

Anthu atabalalika, mwini sitolo anamubweretsera madzi m'kapu. Foni inalira. Meseji: "Duwa langa, usatero. Popanda iwe sindingakhale." Otilia anatseka nambalayo.

Inaliranso. Anali amalume.

"Mphwanga, ndaona. Mbuzi ija ndinasungira alendo nditani nayo?"

"Iphani mudye, amalume. Alendo kulibe."

Otilia anadula foni. Misozi inatsika, yotentha, ndipo anaipukuta ndi malaya obiriwira aja.

Ntchito inali ikumudikirabe. Zithunzi zonse za mayi Fyness anazilembera mawu, kupatula chimodzi. Anachitsegula. Analemba mothamanga: "Wabodza, wachinyengo, wakuba mitima ya ana a eni."

Anayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Anayang'ananso Clotilda, nkhope yake ikutuluka m'chitenje, maso ali gwa pa mwamuna amene ankamukhulupirira. Mtsikana ameneyu anamulakwira chiyani? Abale ake a ku Mozambique akawerenge zimenezi pansi pa chithunzi cha tsiku lake? Clotilda anayenera kumva, koma pamaso, kuchokera kwa mkazi mnzake. Otilia anatsimikiza zokwera njinga ya kabaza kupita ku Katunga m'mawa mwake.

Anafufuta zonse. Analemba m'Chichewa, kenako m'Chisena, mano atalumana:

"Chinkhoswe ku Katunga, boma la Chikwawa. Mwamuna wazindikira mkazi wake."

Anasunga. Kenako anaika singano yatsopano m'makina.