Makwinya a Bambo Kalipinde

Manja anayi achitsulo a makina otchedwa Msungankhope ankathamanga pansalu, utoto ukuwazika kuti fwaa! Pofika chaka cha 2094 makinawa anali atafala mu Blantyre monse. Ankangoyang'ana munthu kamodzi n'kumujambula mmene ankaonekera paunyamata wake, ndi utoto wosasuluka mpaka kalekale.

Mwandida anawabweretsa kunyumba kuti ajambule bambo ake, a Kalipinde, omwe matenda awo anali atakanika kuchipatala. Mayi ake, Nangondo, anaima pakhomo atapinda manja. Mayiyu ankajambula nkhope za anthu ndi burashi kuyambira ali mtsikana, mpaka makinawa anamulanda ntchito.

"Chatha," anatero makinawo.

A Kalipinde anadzutsa mutu papilo. Pansalupo panali mnyamata wa masaya osalala.

"Nanga chipsera changa chili kuti? Chija ndinagwa padenga ku Ndirande?"

"Zolakwika zonse zachotsedwa," anayankha makinawo.

Nangondo anamva mtima kuwira. Anakankhira makinawo kukhonde, nakatenga timiphika take ta utoto wadothi.

"Amayi, utoto wanuwo suchedwa kusuluka!" anadandaula Mwandida.

"Usuluke. Bambo akowa sakusuluka? Ine ndakalamba ndi munthu uyu, wa imvi ndi mano ogweluka. Kamnyamata kali pansaluko kanapita kalekale."

Anakhala pambali pa bedi masiku angapo, akulondola khwinya lililonse.

"Abambo a Mwandida, musagwedezeke."

"Ndigwedezeke ndipite kuti ine?" anatero iwo, onse n'kuphulika kuseka.

A Kalipinde anatsikira kulichete khutu lakumanzere lisanajambulidwe. Mwandida anapempha kuti makina alimalize, koma Nangondo anakana kwamtuwagalu.

Pamaliro anaimika zithunzi zonse ziwiri. Zidzukulu zinadutsa cha makina chija, china n'kufunsa kuti, "Amalume awa ndi akuti?" Zitafika pa cha Nangondo zinagwada n'kulira kuti, "Agogo! Agogo!"

Anthu anayang'anana. Ambiri anakumbukira makoma a nyumba zawo, odzaza ndi anyamata ndi atsikana okongola omwe ana awo sankawadziwa n'komwe. Sabata isanathe, pakhomo pa Nangondo panali mzere wa anthu atagwira makolo awo padzanja.

Nangondo ankachenjeza aliyense asanamukhazike pampando: "Chithunzichi chidzatha."

Palibe amene anabwerera m'mbuyo, pakuti chinthu chosakalamba sichingafanane ndi munthu.