Mbuzi Zinayi za Alesi

Miyezi itatu inali itatha chifikireni Hector ku Phalombe, koma panalibe ndi mmodzi yemwe woti angamutchule kuti mnzake. Bambo ake, mlangizi wa zaulimi, anawasamutsira kuno kuchokera ku Zomba, ndipo ankangokhalira pa njinga yamoto, lero ku Nkhulambe, mawa ku Fort Lister. Mayi ake anatsala ku Zomba komweko chifukwa cha ntchito yauphunzitsi. M'kalasi mwake, Fomu 2, anyamata anamupatsa dzina loti Watauni, ndipo akangoyandikira pomwe akucheza, nkhani inkatembenukira m'Chilomwe. Ena mwa iwo Chilomwecho ankangodziwa cha moni ndi chotukwanira, koma pomusala Hector chinkawakwanira ndithu. Pa buleki mwanayo ankadya mandasi ake yekha kuseri kwa kalasi, maso ali kuphiri la Michesi.

Komwe ankapumirako ndi ku laibulale ya achinyamata pafupi ndi msika. Munali mashelefu awiri a mabuku ong'ambika ndi kompyuta imodzi yakale yomwe munthu wina wakufuna kwabwino anapereka m'chaka cha 2005. Woyang'anira malowo, a Sitima, anali bambo wokonda malamulo: aliyense ola limodzi, m'manja mosamba, ndipo osasunga chatsopano chilichonse m'kompyutamo, chifukwa inali yodzaza kale ngati minibasi ya tsiku la msika.

Mwini wake woyamba wa kompyutayo anasiyamo gemu. Linali dziko la mapiri ndi mapanga, la afiti, zinjoka zouluka ndi anthu oyenda ndi malupanga. Gemuyo inkasunga ulendo wa munthu mmodzi yekha, ndipo Hector atayitsegula anapeza kuti wina anayamba kale. Pa sikirini panali mtsikana wa chipewa chofiira, dzina lake Alesi. Anali ndi kanyumba m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, bokosi losungiramo katundu, ndi khola la mbuzi zinayi. Akamadutsa, anthu a m'mudzimo ankaima n'kumupatsa moni m'Chingerezi: wosula zitsulo, mayi wa pachigayo, ngakhalenso alonda a pachipata.

Hector anamuyendetsa Alesi kwa ola lake lonse, anapha mimbulu iwiri, zikopa n'kuika m'bokosi. Atabweranso Loweruka anapeza zikopa zija zitasokedwa kukhala nsapato. Atasuzumira m'khola anaseka yekha mpaka a Sitima anamuyang'ana. Gemuyo inkalola kusintha mayina a ziweto, ndipo mbuzi zija tsopano zinali Zikomo, Koma, Ndiwe, Ndani.

Iye anazipatsa mayina ena: Ndine, Hector, Nanga, Iwe. Lachitatu yankho linali likumudikira m'khola: Alesi, Basi, Usagulitse, Mbuzi.

Macheza awo anayamba choncho, mawu anayi ulendo uliwonse. Hector ankasewera Lachitatu ndi Loweruka masana, mnzakeyo Lolemba ndi Lachinayi m'mawa, masiku a msika, ana ena ali m'kalasi. Sanafune kufunsa a Sitima kuti munthuyo ndi ndani, poopa kuti angapeze kuti ndi mmodzi mwa omutcha Watauni aja. Tsiku lina analemba kuti Ndalephera, Masamu, Kachiwiri, Lero, ndipo anayankhidwa kuti Pepa, Limbikira, Ndakusiyira, Buledi. Buledi wa pa sikirini sadyeka, koma Hector anayenda sabata yonseyo ngati munthu wokhuta. Aphunzitsi akamalemba pa bolodi, iye ankakhala akusankha mawu anayi oti akalembe.

Kusiyana kwawo kunali kumodzi. Mnzakeyo ankakonda ntchito za m'mudzi: kulima, kutungira okalamba madzi, kufunafuna mwana wosochera. Hector ankaona ngati kumeneko n'kuwononga gemu. Ntchito zoterozo zili mbwee ku Phalombe konkuno, munthu n'kukazifunanso pa kompyuta? Iye ankafuna mapanga ndi malupanga.

Loweruka lina analowa m'phanga la kuseri kwa mathithi n'kupezamo anthu ovala mikanjo yakuda atazungulira moto. Linali gulu la mbava, lodzitcha Akhwangwala. Mtsogoleri wawo, mayi wa diso limodzi, anamuuza kuti akhala akumuona akuyenda yekhayekha, ndipo kuti m'gulu lawo palibe amene amakhala yekha, onse ndi pachibale. Hector anawerenga mawuwo kawiri. Kuti alowe m'gulumo panali yeso limodzi: akabe mphete ya mayi wa pachigayo uja.

Tsiku limenelo anyamata awiri a m'kalasi mwake, Nickson ndi Mavuto, anali atabwera kudzawerenga za mpira m'nyuzi. Ataona mikanjo yakuda anasiya nyuzi n'kudzaima kumbuyo kwake. Dzanja la Hector linazengereza pa mabatani, pakuti mayi wa pachigayo ndi yemwe ankapatsa Alesi ufa waulere.

“Ukuopa chiyani iwe Watauni?” anatero Nickson. “N'zamasewera izi. Kabe basi.”

Hector anakaba. Analowera pa zenera, anatenga mphete ija mayiyo atatembenuka, n'kuthamangira kuphanga. Akhwangwala anamuveka mkanjo wakuda, anamupatsa mpeni wopindika, n'kumutcha m'bale wawo. Anyamata aja anamumenya pamsana mosangalala mpaka a Sitima anagogoda tebulo. Ola litatha anatuluka atatu pamodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba Hector anachoka osayang'ana m'khola. Lolemba pa buleki Nickson anamunyemera chinangwa, n'kumuitana ndi dzina lake lenileni.

Lachitatu anapeza mudzi wa m'gemu utasintha. Alesi akamadutsa, zitseko zinkatsekedwa. Wosula zitsulo anamufulatira, ana ankathawa, alonda ankamuthamangitsa akukuwa kuti mbava. Anyamata, omwe tsopano anali asanu, ankafa nacho chiseko n'kumamuuza koti athawire. Hector anaseka nawo. Atazemba n'kufika kukhola anapeza uthenga wakale, wa sabata yapitayo: Tikonze, Denga, La, Nyumba. Anaufufuta n'kulemba kuti Ndalowa, Gulu, La, Akhwangwala, akuganiza kuti mnzakeyo anyadira.

Loweruka mayina a mbuzi anali omwewo. M'bokosi munalibe chatsopano, ndipo Alesi anali chiimire pomwe anamusiya. Analemba kuti Uli, Kuti, Iwe, Alesi. Lachitatu lotsatira panalibe yankho. Sabata yachitatu inafika zinthu zili chomwecho.

Kumbuyo kwa mpando wake kunkadzaza anyamata, mpweya wawo ukumuotcha m'khosi, koma Hector anali wosungulumwa kuposa mmene ankadyera mandasi kuseri kwa kalasi. Anyamatawo ankangofuna kuona kuti lero aba chiyani. Palibe anamufunsapo za masamu. Anayesa kubweza mphete ija, koma mayi wa pachigayo sankatsegula chitseko. Anayesa kutuluka m'gulu, koma mayi wa diso limodzi anati Khwangwala satuluka. Mnzake wa mawu anayi uja anamusowa kwambiri, moti ngakhale chakudya sichinkamukomera.

Pamapeto pake anadikira kuti onse atuluke, n'kufunsa a Sitima. Bamboyo anavula magalasi, n'kumuuza kuti mwini wake wa Alesi ndi mtsikana wotchedwa Rozaria, wa cha ku Mkhumba, yemwe amagulitsa nandolo pamsika. Chaka chathachi bambo ake anagwidwa ndi njinga ya eni ake ndipo ali kundende. Rozaria anali Fomu 1, wanzeru kwabasi, koma cholembera chikangosowa m'kalasi maso onse ankalunjika kwa iye, mpaka sukulu anaisiya. Masiku a msika ankasiyira azakhali ake beseni kwa ola limodzi n'kubwera kudzasewera.

“Lolemba lomwe anabwera komaliza anakhala mphindi zisanu zokha,” anatero a Sitima. “Ndinangomva kompyuta ikukuwa m'Chingerezi kuti mbava, mbava. Mwanayo anaimirira, anandithokoza mwaulemu monga mwa masiku onse, n'kutuluka. Sanabwerenso.”

Hector anamva manyazi otentha kumaso. Anafunsa ngati pali njira yokonzera, ndipo a Sitima anati iwo akudziwa imodzi yokha: kufufuta zonse n'kuyambiranso.

Lachinayi ataweruka sanapite kunyumba. Msika unali ukuphwasuka, anthu akumangirira matumba pa njinga, fumbi lili koboo. Sanavutike kumupeza. Azimayi ogulitsa nandolo anakhala mothithikana pamzere umodzi, koma kumapeto kwa mzerewo kunali mpata woti pangakhale anthu atatu, kenako mtsikana wamtali atakhala yekha pa chiguduli, akusenda nandolo wamuwisi m'beseni.

“Achemwali, ndinu Rozaria?” anafunsa. “Ine ndine Hector. Wa mbuzi uja.”

Mtsikanayo anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, manja osasiya kusenda. Anati ankaganiza kuti ndi wamkulupo. Hector ananjuta n'kuyamba kufotokoza zonse mothamanga: za phanga, za anyamata aja, za mphete yokana kubwezeka. Anati sankadziwa za bambo a mtsikanayo. Anati ali wokonzeka kufufuta chilichonse, mkanjo ndi mpeni womwe, kuti ayambirenso bwinobwino, ndipo anthu a m'mudzi muja sadzakumbuka kanthu.

“Sindinakwiyire mphete,” anatero Rozaria motsitsa mawu. “Miyezi isanu ndi iwiri ndinatunga madzi m'mudzi umene uja. Ndi malo okhawo komwe ndikamadutsa anthu ankandipatsa moni. Iwe unatenga ola limodzi, ndipo nakonso anayamba kunditchula dzina lomwe amanditchula kuno.”

“Tikayambiranso aiwala,” anatero Hector.

“Iwowo aiwala. Ine ndinamva kale.”

Mawu anayi omwe Hector ankawasankha mosavuta aja anamuthawa onse. Anangokhala chinjutire, akuyang'ana makoko a nandolo akugwera pa chiguduli.

Nthawi yomweyo Nickson ndi Mavuto anatulukira kuchokera kogulitsa tchipisi, malaya a yunifomu atawatulutsa kunja kwa mathalauzi. Ataona Hector anaima. Nickson anamukodola, n'kunena mokweza kuti anthu amve, kuti asamale matumba ake chifukwa wakhala pafupi ndi mwana wa mbava. Mavuto anawonjezera kuti mwina Hector wabwera kudzaphunzira luso kwa eni ake. Azimayi ena a pamzere anaseka. Rozaria sanadzutse mutu; zala zake zokha n'zomwe zinafulumira.

Hector anadziwa bwino lomwe kuti akaimirira n'kuseka nawo, mawa adya chinangwa pagulu. Miyendo yake inkafuna kuimirira. Koma anavula chikwama cha mabuku, n'kukhala pansi pafumbi ndi thalauzi lake la sukulu.

“Uyu ndi mnzanga,” anatero. “Dzina lake ndi Rozaria. Ndipo pa tonse tili panofe, amene anaba ndine, inu mukundiwombera m'manja.”

Nickson anamuyang'ana ngati wazungulira mutu. Ananena mawu ena m'Chilomwe, Mavuto n'kuseka, kenako anamutsanzika kuti “Tsala bwino, Watauni.” Anapita osacheuka.

Dzuwa linali litapendeka, ndipo azimayi aja anayamba kusenza mabeseni awo mmodzimmodzi. Rozaria anamuuza kuti asayembekezere kuti abwereranso ku kompyuta ija; afufute kapena asafufute, kwa iye Alesi anatha. Hector anagwedeza mutu movomera. Zinamupweteka, ndipo sanayese kubisa.

“Tsopano nawenso azikusala,” anatero Rozaria.

“Ankandisala kale.”

Mtsikanayo anamuyang'ananso, nthawi ino motalikirapo. Kenako anasendera kumapeto kwa chiguduli, n'kukankhira beseni pakati pawo.

“Usakhale pafumbi,” anatero. “Ndipo ngati wakhala, senda. Kwathu n'kutali.”