Penti Wofanana ndi Kansalu

Anakumana mu shopu ya penti momwe mtsikanayo ankagwira ntchito yosakaniza mitundu. Anzake ankamutcha Kabulashi. Mnyamata wamagalasi anangobwera kudzagula tepi, koma anatuluka ndi nambala ya foni. Anali wothyathyalika pakamwa, ndipo Kabulashi, wochenjera pa penti pokha, anakopeka.

Patatha miyezi isanu, Wamagalasi anafika kunyumba kwa Kabulashi atanyamula mapulasitiki a m'kati mwa galimoto yake: a pa zitseko, ozungulira wailesi ndi a pa giya. Anatulutsanso kansalu kobiriwira.

"Duwa langa, undipentere afanane ndi kansaluka. Galimotoyi ndi ya pa ukwati."

"Ukwati wa ndani?"

"Ukufunsa dala eti? Ndinalonjeza kuti mpando wakutsogolo ndi wako mpaka kale."

Kabulashi anayala manyuzipepala pakhonde. Anatsuka mapulasitikiwo ndi sopo kuti polishi achoke, anawakwecha ndi sandipepa mpaka zala kutupa, n'kumata tepi pa mabatani. Mtunduwo unamuvuta. Unatheka kachisanu: woyera wambiri, wobiriwira pang'ono, madontho atatu a wachikasu. Anapopera mopyapyala katatu, mtima uli m'mwamba kuopa fumbi.

Koma fumbi silinali nkhawa yake yaikulu. Bwanji munthu wokamba za ukwati sanamuonetsepo kwa abale? Bwanji foni ankaigoneka chafufumimba?

"Auma, mtima wanga. Ubwera liti?" Kabulashi anamulembera pa foni.

Wamagalasi anadzawatenga mothamanga, tiyi yemwe osamwa. Kuchokera pamenepo, mauthenga anayamba kufupika. "Ndatanganidwa, bebi." Kenako, "Mawa." Kenako zii.

"Mchemwali, munthuyu mwamufufuza bwino?" mng'ono wa Kabulashi anafunsa.

"Iwe, zisiye. Akukonzekera zathu."

Iye mwini sanazikhulupirire.

Lachinayi mu shopu munalowa mtsikana wansangala, mphete ili waliwali. Anaika kansalu pa kauntala. Kobiriwira komwe kaja.

"Asisi, ndikufuna penti wa mipando ya pa ukwati wanga. Afanane ndi madiresi a operekeza."

Kabulashi anagwira kauntala mwamphamvu. Nsalu zimafanana, anadziuza. Zilipo zambirimbiri.

"Mukaona apa mumvetsa," anatero mtsikanayo akumuonetsa chithunzi pa foni. "Amuna anga anapentetsa kale m'galimoto."

Anali mapulasitiki aja. Pakona pa pulasitiki la wailesi panali kadontho komwe Kabulashi anakadandaula masiku awiri.

"Anapenta ndani?" anafunsa Kabulashi.

"Akuti mlongo wawo. Ali ndi luso, eti? Ndikufunitsitsa kudzamuthokoza. Kaya inu mukwanitsa kufananiza?"

Zinamupweteka mpaka m'mafupa. Miyezi isanu ya "duwa langa", lero wasanduka mlongo!

Anatsegula chitini, kansalu osakayang'ananso. Woyera wambiri, wobiriwira pang'ono, madontho atatu a wachikasu.

"Ii, mwalasa kamodzi!" mtsikanayo anadabwa. "Mwadziwa bwanji?"

Kabulashi anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

"Khalani pansi, asisi. Mlongo mukumufunayo ndine."