Enifa Abisa Jekete

Enifa amakhala ku Likhubula, m'munsi mwa phiri. Enifa analibe juzi.

Tsiku lina kunabwera chiperoni. Mvula inkawaza. Kamphepo kankazizira.

Atate ake, a Jailos, amanyamula katundu wa alendo okwera phiri. M'mawa umenewo anavula jekete yawo. Anamuveka Enifa.

"Nanga inu, ababa?" anafunsa Enifa.

"Kuphiri kukungozizira pang'ono," anatero atate. Ananyamuka atavala malaya okha.

Jekete ija inali yaikulu. Inafika m'mawondo. Manja a Enifa sankaoneka n'komwe.

Panjira ya kusukulu Enifa anakumana ndi anzake. Morris anamuloza.

"Taonani! Jekete ikupita yokha kusukulu!"

Onse anaseka. Enifa anachita manyazi. Anatsalira m'mbuyo. Anavula jekete ija. Anaibisa m'munda wa tiyi.

Ataweruka, anathamangira kumunda kuja. Koma tiyi amafanana. Mzere uwu, tiyi. Mzere uwo, tiyi. Anafuna apa. Anafuna apo. Jekete osaoneka.

Madzulo atate anabwera. Malaya awo anali atanyowa. Ankanjenjemera thupi lonse. Kuphiri sikunazizire pang'ono ayi. Kunazizira kwambiri.

"Enifa mwanawe, tandipatsa jekete ija," anatero atate. "Mawa ndikukweranso."

Enifa anayang'ana pansi. Manyazi awa anaposa a m'mawa aja.

"Ababa, ndinaibisa m'tiyi," anatero motsitsa mawu. "Anzanga amandiseka. Pano yasowa."

Atate sanakalipe. Anapitiriza kunjenjemera. Enifa anayamba kulira.

"Odi kuno!"

Anali a Malita, mayi wothyola tiyi. Kumsana anabereka dengu. M'manja ananyamula jekete.

"Lero tiyi wabereka jekete," anaseka a Malita. "Si yanu iyi, a Jailos? Ndaiwamba pamoto. Yauma."

"Zikomo, amayi," anatero Enifa. Anagwada. Analandira ndi manja awiri. Anapereka kwa atate.

"Pepani, ababa."

Atate anavala jekete. Inali yofunda bwino. Kenako anatsegula mbali imodzi.

"Lowa muno," anatero. "Malo alipo."

Enifa analowa. Mutu wokha ndi umene unasuzumira kunja.

M'katimo anamva kuti atate akunjenjemerabe. Anawakumbatira. Anawakumbatira mwamphamvu. Sanawasiye mpaka kunjenjemera kunatha.