Sajeni Sankadziwa Kunama

Tsiku limene Nester anakumana ndi Raston, sanayambe ndi moni. Anayamba ndi kumulanda ndodo.

Panali pa siteji ya minibasi pa Dwangwa, dzuwa likuswa mtengo. Mnyamata wina wamtali, atavala ovolosi ya kukampani ya shuga, ankakoka galu pa waya uku akumukwapula ndi nzimbe. Galuyo anali atamatirira pansi, mchira uli pakati pa miyendo, akukaniratu kuyandikira minibasi. Oitanira ndi akabaza ankangoseka ngati akuonera kanema waulere.

Nester anaika chikwama pansi n'kutsomphola nzimbeyo m'manja mwa mwini wake.

"Achimwene, galuyu wakulakwirani chiyani?"

Mnyamatayo anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako anayamba kudandaula. Anati galuyo, dzina lake Sajeni, wamuchititsa manyazi mokwanira. Wagwira nkhuku za aneba, wang'amba chitenje cha mayi wogulitsa mandasi, ndipo akayamba kuuwa anthu a mzere wonse amamutukwana. Anati anayesa zonse zimene anzake anamuuza: kumutsekera m'kakhola tsiku lonse, ngakhale kumudyetsa mavu osinja kuti azilusira akuba. Koma m'malo moluma akuba, Sajeni ankaluma aliyense. Tsopano ankapita naye kwa mnzake wina kuti akathane naye.

Nester ananjuta chapatali, atatembenukira kumbali, osamuyang'ana galu m'maso. Anatulutsa kausipa kouma m'chikwama n'kukaponya pansi. Anadikira. Galu ananunkhiza, n'kukweza mutu, n'kutola kausipako.

"Eya!" anatero Nester mofewa, n'kuponya kena pafupi pang'ono.

Minibasi inadzaza n'kunyamuka, ina inabwera. Pomaliza Sajeni anadya usipa m'dzanja la Nester, thupi lonse likunjenjemera.

"Galu wanu si woipa, ndi wamantha," anatero Nester. "Mwamuphunzitsa nokha kuti dzanja la munthu limapweteka. Ndiye mukudabwa chiyani akamaliluma?"

Mnyamatayo anamwetulira, kumwetulira kuja kumene amayi amachenjeza nako ana awo aakazi.

"Ine ndine Raston. Nanga dzanja lanulo, chemwali, limaweta agalu okha?"

Nester anamuuza kuti asamuzolowere. Koma nambala ya foni anapereka, ati chifukwa cha galu.

Pa Dwangwa ponse Nester ankadziwika ndi dzina loti Namagalu. Ntchitoyi anaiphunzira ku Lilongwe, kumene ankathandiza pa chipatala china cha ziweto, ndipo atabwerera kwawo anayamba kuyenda m'makomo kuthandiza anthu amene agalu awo akuvuta. Ambiri ankamuseka. Ankati galu amamva ndodo basi, ndipo usipa ndi ndiwo za anthu. Azakhali ake a Rute, amene anamulera, ankanena poyera kuti palibe mwamuna angakwatire mkazi wonunkha usipa ndi ubweya wa agalu.

Nester ankawayankha kuti ngati ndi choncho, adzafa mbeta. Pakamwa ankalimba, koma mawuwo ankamubaya. Ankafuna tsiku lina adzadutse pamsika atagwirana manja ndi mwamuna wake, onse omunyozawo akuona.

Raston akaweruka kuntchito, Nester ankapita kunyumba ya lendi imene mnyamatayo ankakhala. Waya uja anautaya, n'kubweretsa chingwe chofewa. Anatsegula kakhola, anaika mbale ya madzi pamthunzi, anazula nkhupakupa m'makutu mwa Sajeni, n'kupita naye kukabayitsa katemera wa chiwewe. Lamulo lake linali losavuta. Galu akachita chabwino, unene "Eya" nthawi yomweyo n'kumupatsa usipa. Akalakwitsa, osamenya, osakalipa, umupatse china choti achite.

Nkhani ya nkhuku inatenga nthawi. Ankayamba nkhuku zili kutali. Sajeni akaziyang'ana n'kucheukira kwa mbuye wake, ankalandira usipa. Pang'ono ndi pang'ono mpata unachepa, mpaka tsiku lina thadzi linadutsa ndi anapiye pamphuno pake, iye n'kungoyasamula. Kenako Nester anamuphunzitsa moni: m'malo modumphira munthu, azikhala pansi n'kupereka phazi.

Alendo okha ndi amene ankawaopabe. Munthu wachilendo akayandikira, Sajeni ankabisala kumbuyo kwa miyendo ya Nester. Moni wa phazi ankapereka kwa anthu amene wadya m'manja mwawo kambirimbiri, ndipo anthu otero Nester ankadziwa awiri okha, iyeyo ndi Raston.

Pamene galu ankaphunzira, foni ya Nester nayo sinkapuma.

"Duwa langa la pa Dwangwa, lero ndayendetsa thirakitala ndikumwetulira ndekha. Anzanga akuti ndadyetsedwa. Sindinakane."

Tsiku lina: "Ngenge yanga, ine ndinali ngati Sajeni, wolusa chifukwa chosowa wondikonda. Wandiweta ndiwe."

Ndani akanalimba mtima? Mtsikana amene kuyambira kale ankangomva kuti akununkha usipa, lero akutchedwa duwa! Nester ankawerenga mauthengawo mobwereza mpaka foni kutha moto. Ndipo Raston atamugwira manja madzulo ena n'kunena kuti, "Ndikulonjeza, wapamtima, sindidzakwezanso dzanja pa Sajeni, ndipo sindidzakugwetsa msozi," Nester analira ndi chimwemwe.

Loweruka lililonse Raston ankapita ku Kanyenda, ati kukathandiza mnzake kumunda wa mpunga, ndipo ankatenga Sajeni kuti akathamange. Nester ankayamikira, poti galu wongokhala pakhomo ndiye amayamba kupulupudza. Sanafunse zambiri. Kwawo kwa Raston kunali ku Thyolo, ndipo pa Dwangwa, pamene anthu a maboma onse amakumana chifukwa cha nzimbe, munthu umangokhulupirira zimene wakuuza za kwawo.

Mvula itatha, Raston anabwera kwa a Rute ndi bambo wina wa jekete yaikulu, a Kalilu, ati malume ake. Anakhala pamphasa mwaulemu, anaomba m'manja, mawu anayenda bwino. Tsiku la chinkhoswe linagwirizanidwa. A Rute omwe aja analulutira mpaka mawu kusasa, ndipo anauza aliyense wodutsa kuti mwana wawo wapeza dalaivala.

Masiku amenewo Nester ankayenda mapewa ali m'mwamba. Amene ankamuseka anayamba kumufunsa mtundu wa nsalu ya pa chinkhoswe.

Chinkhoswe chitayandikira, amayi atayamba kale kuphika thobwa kwa a Rute, Nester anatenga Sajeni n'kupita naye ku siteji. Ankafuna azolowere phokoso ndi anthu ambiri, kuti asadzachite manyazi pa tsiku lalikulu. Anaima chapatali pansi pa mtengo. Galu akaona munthu n'kukhala chete, ankalandira usipa.

Minibasi yochokera ku Kanyenda inaima. Munatsika mayi wina wachitsikana, wochepa thupi, mwana ali kumbuyo, dengu lili m'manja.

Sajeni anaimika makutu. Analira kamawu kochepa, n'kukoka chingwe mwamphamvu mpaka chinapulumuka m'manja mwa Nester. Mtima wa Nester unalumpha. Aluma munthu, aluma mwana! Anathamanga akumuitana.

Koma Sajeni sanalume. Atafika pamaso pa mayiyo anakhala pansi, mchira ukusesa fumbi, n'kukweza phazi.

Mayiyo anaseka. Anagwira phazilo, anapisa dzanja m'dengu, n'kutulutsa kausipa.

"Eya!" anatero, pa nthawi yake yeniyeni, monga mmene Nester ankanenera.

Kamwana kakumbuyo kanatambasula manja kakuitana galuyo ndi chibwibwi cha ana. Nester anaima ngati wathiridwa madzi ozizira. Galu amene amabisala akaona mlendo! Mayiyu wamudyetsa kangati? Mawu akewa wawatenga kuti?

"Zikomo chemwali," anatero mayiyo mwansangala. "Galu wa kwathuyu mwamupeza kuti? Wathawa?"

"Wa kwanu?"

"Eya, wa bambo a Zaidi, mwana wangayu. A Raston, oyendetsa thirakitala. Ndi amuna anga."

Dzina lake linali Thokozire. Pokhala munthu wosadziwa kanthu, analankhula momasuka. Anati Raston anamukwatira iyeyo ku Kanyenda atangofika kumene kudzagwira ntchito, ndipo amabwera kunyumba Loweruka lililonse. Anati kale ankamuopa Sajeni moti ankatsekera mwana m'nyumba, koma amuna ake anamuphunzitsa njira ya usipa, ndipo tsopano galu ndi mwana amagona pa mphasa imodzi. Lero wabwera chifukwa mwana akutentha thupi, ndipo wawaimbira bambo ake kuti akumane pa siteji apite naye kuchipatala.

Nester anafunsa kuti njira ya usipayo Raston anaiphunzira kwa ndani.

"Akuti kwa mdala wina wa ku ofesi ya ziweto."

Mdala wina! Madzulo onse aja, kunjuta m'fumbi konse kuja, zala zake zolumidwa, zonse zasanduka za mdala wina wopanda dzina. Bodza lobisa mkazi linamupweteka, koma ili linamuwotcha. Anafunsanso ngati Thokozire akuwadziwa a Kalilu, malume a Raston. Thokozire anaseka n'kunena kuti a Kalilu si malume a munthu, ndi mnzawo wa amuna ake wa ku bawo.

Nester asanalankhulenso, kabaza anaima pafupi, Raston n'kutsika. Anaona mkazi wake. Anaona Nester. Anaona galu ali pakati pawo. Fisi akagwa m'mbuna salankhula: pakamwa panangoti kakasi.

Wokondwa pamenepo anali Sajeni yekha. Ankathamanga uku ndi uku, kwa uyu, kwa uyo, mchira uli piku piku, poti anthu ake onse anali atakumana malo amodzi.

Nester anatembenukira kwa Thokozire n'kumuuza zonse, osabisa kanthu, osakweza mawu. Anamuuza kuti mdala wa ku ofesi ya ziweto ndi iyeyo, kuti kwawo thobwa lili pamoto, ndipo kuti za mkazi ndi mwana sankadziwa. Thokozire anangokhala pansi pa dengu lake, atagwira pakamwa.

"Ngenge yanga, tamvera," Raston anapeza mawu. "Ndimati ndikuuze tikamaliza chinkhoswe. Mtima wanga uli kwa iwe. Kunoku kunangochitika ubwana."

"Ubwana wake ndi uwo uli kumbuyoko, ukutentha thupi," anatero Nester. "Ndipo musanditchulenso ngenge pamaso pa akazi anu."

Oitanira ndi akabaza anali atazungulira kale. Raston ataona kuti shuga wa pakamwa sakugwira ntchito, nkhope inasintha. Anatukwana galu kuti ndiye wamuyalutsa, n'kuponya mwendo kuti amumenye. Sajeni anazinda n'kukabisala kumbuyo kwa Thokozire, pafupi ndi mwana.

Nester anaona zimenezo ndipo anadziwa choti achite, ngakhale chinali chowawa kuposa zonse. Anatola chingwe m'fumbi n'kuchiika m'manja mwa Thokozire. Anamupempha kuti akachoka kuchipatala apite naye galuyo ku Kanyenda, asabwererenso kunyumba ya lendi, asatsekeredwe, asamenyedwe.

"Mumamukonda," anatero Thokozire, misozi ili m'maso. "Mutengeni inuyo."

"Mwana wanu amamukondanso. Ine sindilanda za mwana."

Sanamusisite Sajeni potsanzika, podziwa kuti akatero sachoka. Anangotembenuka n'kuyamba kuyenda. Kumbuyo anamva galu akulira, akukoka chingwe, ndipo aliyense amene anamuona akudutsa pamsika anaona kuti Namagalu akulira.

Nkhani ya pa siteji imayenda pa kabaza. Pamene ankafika kunyumba, a Rute anali atamva kale. Amayi ophika thobwa anali atazungulira migolo. Foni ya Nester inalira m'chikwama, n'kuliranso. Sanaitulutse.

A Rute anamukokera kuseri kwa nyumba n'kuyamba kumunyengerera. Anati mwamuna ndi mwamuna ngakhale akhale ndi wina, mitala sinayambe lero, ndipo wa pantchito ngati ameneyo sapezeka pamsewu. Anati akuluakulu angathe kukhala pansi n'kukonza zinthu, malume enieni n'kupezeka. Ataona kuti mtsikanayo sakugwedezeka, ananena chimene chinali pansi pa mtima wawo.

"Nanga anthu tiwauza chiyani? Akuseka kuchokera pano mpaka kunyanja. Ndani winanso adzakufunsira iwe?"

Funso limenelo Nester analiopa moyo wake wonse. Linamupweteka monga kale, mwinanso kuposa. Anadziwa kuti mawa pamsika adzamuloza ndi milomo, ndipo dzina lake lidzakhala ndiwo m'makomo. Koma anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kubwerera pabwalo pamene panali amayi aja.

"Amayi, pepani ndakutopetsani," anatero mokweza kuti ndi a kuseri kwa mpanda omwe amve. "Chinkhoswe kulibe. Osati wandisiya. Ndamukana ndine."

Mayi wina anayang'ana migolo yodzaza n'kufunsa chapansipansi kuti nanga thobwa lonseli alitani.

Nester anatenga kapu, anatunga, n'kumwa ataimirira mpaka kutha, misozi ikugwera momwemo.

"Lakoma," anatero. "Gawirani mzere wonse. Muyambire kwa amene aziseka kwambiri, asamaseke ndi kukhosi kouma."